Fungo la chizimalupsa ndi mankhwala a m'dothi



Chizimalupsa chinatipeza tili m'kalasi. Inali Form 3, piriyodi ya masana, nthawi ija theka la kalasi limakhala likuodzera ndi kutentha ndipo mphunzitsi umangolankhula ndi bolodi. Madontho oyamba atangomenya malata, fungo lija linalowa pawindo, ndipo ana onse anadzuka ngati wina wawaitana maina. Ndinaika choko pansi n'kufunsa kuti chikununkhiracho n'chiyani. Anati mvula, Sir. Ndinati tunga madzi pamjigo ununkhize, alibe fungo. Wina anati ndi dothi. Ndinati chabwino, koma ndani m'dothimo? Kalasi yonse zii.

Ndinawauza kuti fungolo limatchedwa geosmin, ndipo ambiri mwa amene amalipanga ndi mabakiteriya a m'nthaka a mtundu wa Streptomyces. Mvula ikamenya dothi louma imaliulutsira m'mwamba, ife n'kumati mvula yanunkhira. Pamenepo mtsikana wina wa kutsogolo, wanzeru zake ndithu, anatseka mphuno ndi kolala ya yunifolomu n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti tikupuma matenda, Sir?"

Anzake anaseka, koma ine sindinaseke, chifukwa mwanayo anayankha ndendende zimene ndinamuphunzitsa. Taganizani momwe timaphunzitsira mutu umenewu. Timalemba pabolodi mawu oti bacteria, kenaka pansi pake kolera, taifodi, chifuwa chachikulu, chinzonono, chindoko. Ubwino wake timaupatsa mizere iwiri: timatuza ta kumizu ya mtedza ndi soya, ndi chambiko. Kenaka timathamangira mutu wina chifukwa mayeso a MSCE ali pakhomo. Mwana amatuluka Form 4 akudziwa kuti bakiteriya ndi mdani basi. Maganizo anga ndi akuti apa tikuwalakwira ana, ndipo kulakwako sikuthera m'kalasi. Kumakafika kugolosale kumene anthu amagula makapisozi awiriawiri, ndiponso ku wodi ya ana.

Mankhwala ambiri amene timapha nawo mabakiteriya sanayambire m'mutu mwa munthu. Anayambira m'dothi. Penicillin tonse timamudziwa, anachokera ku chuku, ndipo nkhani ya Alexander Fleming ya 1928 ili m'mabuku athu. Chimene sitinena n'chakuti pa maantibayotiki ochokera ku zachilengedwe amene zipatala zimagwiritsa ntchito, pafupifupi magawo awiri mwa atatu anachokera ku banja la mabakiteriya omwe aja a fungo la mvula. Chifukwa chake n'chosavuta kumva, ngakhale mwana wa Form 1 angachimve. M'kadothi kodzadza supuni yaing'ono muli mabakiteriya mamiliyoni ankhaninkhani, onse akulimbirana chakudya chochepa. Streptomyces sayenda, amamera ngati timizu pamalo amodzi. Sangathawe mdani, sangamuthamangitse. Chida chake ndi poizoni amene amatulutsa kuti anzake asamuyandikire. Ife anthu tinangopeza nkhondo ili mkati kale, n'kubwereka zida.

Amene muli ndi zaka ngati zanga mukukumbukira momwe chifuwa chachikulu chinkachizidwira m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Munthu ankagonekedwa miyezi iwiri, jakisoni tsiku lililonse, mpaka matako kusowa pobaya. Jakisoni ameneyo anali streptomycin. Anamupeza mu 1943 ndi Albert Schatz, mnyamata wa zaka 23 amene ankaphunzira pa yunivesite ya Rutgers ku America pansi pa Selman Waksman, katswiri wa tizilombo ta m'nthaka. Onani bwino apa: dipatimenti yawo inali ya zaulimi, ya anthu a manyowa ndi dothi. Mphotho ya Nobel ya 1952 inapita kwa Waksman yekha, ndipo Schatz anachita kupita kukhoti mu 1950 kuti dzina lake lizindikirike. Ana anga amaikonda nkhani imeneyi, kaya chifukwa chakuti mphunzitsi ndiye amaoneka woipa.

Masiku ano odwala TB amamwa mapiritsi, ndipo mwa mankhwala anayi a m'piritsilo, amene amafiiritsa mkodzo uja ndi rifampicin. Kholo lake linapezeka mu 1957 mwa bakiteriya wa m'dothi lotengedwa kumwera kwa France, m'labu ya ku Milan. Gentamicin amene amabaya makanda, erythromycin, chloramphenicol, tetracycline, vancomycin, onsewa ndi a mabakiteriya a m'nthaka. Ngakhale ivermectin, amene anagawidwa m'midzi limodzi ndi albendazole mpaka bungwe la WHO linalengeza mu 2020 kuti Malawi yathana ndi matenda otupitsa miyendo ndi maliseche aja, anachokera ku bakiteriya amene Satoshi Omura anamupeza m'dothi la pafupi ndi bwalo la gofu ku Japan. Ambiri a inu munamwa mapiritsi amenewo mutayezedwa msinkhu ndi ndodo. Munamwa mphatso ya dothi la ku Japan.

Za khansa ndiye zinandikhudza pakhomo penipeni. Zaka zingapo zapitazo mwana wa neba wanga, wa zaka zinayi, anatupa mimba mbali imodzi. Anayenda naye kwa asing'anga, kenaka kuchipatala, mpaka anatumizidwa ku Queens ku Blantyre kumene anapeza kuti ndi chotupa cha impso, chija madokotala amati Wilms. Mayi ake atabwera kudzatenga ufa anandionetsa kabuku ka kuchipatala kuti ndiwawerengere, pajatu m'mudzi mphunzitsi ndiwe dokotala, loya ndi kalaliki nthawi imodzi. Munali maina atatu: vincristine, actinomycin D ndi doxorubicin. Mayiwo anati, "Aphunzitsi, pali ena ofiira ngati Sobo, akamuika mwana mkodzo umafiira, tsitsi lonse lathothoka." Ofiirawo ndi doxorubicin. Bakiteriya wake, Streptomyces peucetius, anapezeka m'dothi la pafupi ndi nyumba yakale yachifumu ya Castel del Monte kumwera kwa Italy, ndipo akatswiri a kampani ya Farmitalia anatulutsamo daunorubicin poyamba, kenaka doxorubicin chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Actinomycin ndi wa Waksman yemwe uja, wa mu 1940. Ngati antibayotiki analephera chifukwa ankapweteka wodwala kwambiri, koma patapita zaka kunapezeka kuti ukali womwewo ndi umene umagwetsa zotupa zina za ana. Vincristine yekha ndiye wochokera ku chomera, kaduwa ka pinki kochokera ku Madagascar kamene kamamera ngakhale paguwa la ofesi ya ahedi.

Mankhwala awiri a mabakiteriyawa amagwira ntchito polowerera mu DNA ya selo kuti isathe kudzikopera. Selo ya khansa imagawikana mothamanga, ndiye imavulala koyamba. Koma maselo a tsitsi, a m'kamwa ndi a m'mafupa opanga magazi nawonso amagawikana msanga, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka. Doxorubicin akachuluka amawononga mtima, motero madokotala amawerengera mlingo wonse umene munthu walandira pa moyo wake. Palinso bleomycin, amene Hamao Umezawa wa ku Japan anamupeza mu 1962, ndipo kuno kwathu wathandiza anthu ambiri a khansa ya pakhungu ya Kaposi, ija inachuluka ndi Edzi. Mwana wa neba uja anachotsedwa impso imodzi. Pano amabwera kudzathyola mango kwanga osapempha.

Tsono wina afunsa kuti, zonsezi zikukhudza bwanji choko changa? Zikukhudza chifukwa zida zobwerekazi zikutha mphamvu, ndipo amene akuzithetsa mphamvu ndi ife ndi ana athu. Bakiteriya amene amapanga poizoni ayenera kukhala ndi njira yodzitetezera kuti asadziphe yekha, ndipo anansi ake m'dothimo anaphunzira kalekale kuzemba poizoniyo. Mu 2011 akatswiri a ku Canada anapeza majini okana maantibayotiki m'dothi lozizira limene linaundana zaka 30,000 zapitazo. Kukana mankhwala sikunayambe ndi ife. Chimene ife timachita ndi kusankha. Ukamwa antibayotiki pamene sakufunika, kapena pang'ono chabe, ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana, ndipo mabakiteriya amatha kupatsirana majini amenewa ngati ana opatsirana mayankho pamayeso. Imeneyi ndi natural selection yomwe timaphunzitsa ku Form 4 ndi zithunzi za agulugufe a ku England, chonsecho chitsanzo chabwino chili pamsika wa Nselema.

Pitani tsiku la msika mukaone. Pakati pa sopo ndi mabatire pali makapisozi ofiira ndi achikasu, ogulitsidwa awiri kapena atatu malinga ndi ndalama yako. Chimfine, makapisozi. M'mimba mwangotembenuka, Bactrim. Nkhuku zikayamba kuodzera timatsegula kapisozi n'kuthira m'madzi awo, pamene chitopa ndi vairasi ndipo antibayotiki sachita kanthu pa vairasi. Sindikunyoza munthu. Amene amagula makapisozi awiri nthawi zambiri ndi munthu amene wawerengera mtengo wa kabaza wopita kuchipatala n'kuona kuti sakwanitsa. Inenso ndisaname, ndinasungapo mapiritsi otsala m'kabati kuti adzathandize tsiku lina. Koma zotsatira zake zinayezedwa, ndipo si za kunja. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anaunika magazi a odwala a ku Queens kuyambira 1998 mpaka 2016, n'kufalitsa zotsatira mu 2017. Mu 2003, mwa mabakiteriya a Klebsiella opezeka m'magazi, pafupifupi 12 pa 100 ndiwo ankakana gulu la mankhwala a ceftriaxone. Pofika 2016 anali opitirira 90 pa 100. Kwa E. coli chiwerengero chinachoka pochepera 1 pa 100 kufika pa 30. Ceftriaxone ndiye jakisoni amene zipatala zathu zimadalira munthu akafika ali kayakaya, ndipo Klebsiella amakonda makanda obadwa masiku osakwana. Taifodi yosamva mankhwala akale atatu inabuka ku Blantyre kuyambira 2011, ndipo mu 2023 dziko linachita kampeni ya katemera wa taifodi kwa ana, amene ambiri analandirira kusukulu. Padziko lonse, kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 anawerengera kuti anthu 1.27 miliyoni anafa mu 2019 chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chiwopsezo chinali chachikulu kwambiri kuno kumwera kwa Sahara.

Mwana amene amadziwa kuti kapisozi ndi chida chobedwa ku nkhondo ya m'dothi, ndiponso kuti adani ake amachidziwa kale, amaona kapisoziyo mosiyana ndi mwana amene anangoloweza kuti antibiotics kill bacteria. Woyambayo akhoza kufotokozera agogo ake m'Chiyao chifukwa chimene nkhuku sizikuchira. Wachiwiriyo amangopeza malikisi awiri.

Mbali yachiwiri ya maganizo anga ndi imene anzanga ena a mu staff room amandiseka nayo. Ndimati dothi lathu lino liyenera kufufuzidwa, ndipo ofufuzawo akhoza kuchokera m'makalasi mwathu. Mnzanga wa Chemistry anandiyankha kuti chalaka bakha nkhuku singatole: makampani a mabiliyoni anasiya ntchito imeneyi, ndiye CDSS yopanda ngakhale mpopi ingatani? Ali ndi mfundo, ndipo sindibisa. Makampani ambiri anasiyadi, chifukwa ukakumba dothi wamba umangopezanso streptomycin ndi tetracycline yemwe uja kambirimbiri. Ndiponso antibayotiki watsopano sapindulitsa, poti madokotala amamusunga kuti agwiritsidwe ntchito pokhapokha zikavuta. Kampani ya Achaogen ku America inatulutsa mankhwala atsopano mu 2018, chaka chotsatira inagwa. Platensimycin, amene akatswiri a Merck analengeza mu 2006 kuchokera ku bakiteriya wa m'dothi la ku South Africa, anamveka kwambiri koma sanafike pa shelefu ya chipatala chifukwa thupi limamutaya msanga. Kuchoka pa mbale ya m'labu kufika pa wodwala pamatenga zaka khumi kapena kuposa, ndipo ambiri amafera panjira. Amene angakuuzeni kuti m'dambo la Chiuta muli mankhwala a khansa odikira kutoledwa akukunamizani.

Komabe zinthu ziwiri zasintha. Choyamba, mu 2002 akatswiri a ku Britain atawerenga DNA yonse ya Streptomyces coelicolor, bakiteriya amene anali atamuphunzira kwa zaka makumi, anapeza kuti ali ndi magulu a majini opitirira 20 opangira mankhwala osiyanasiyana, pamene iwo ankadziwa ochepa okha. Enawo amakhala chete m'labu. Chachiwiri, mabakiteriya ambiri a m'nthaka, ena amati 99 pa 100, samera n'komwe pa mbale za m'labu. Mu 2015 gulu la Kim Lewis ndi Slava Epstein ku Boston linalengeza teixobactin, atapeza njira yolerera mabakiteriya oterewa m'kachipangizo kokwiriridwa m'dothi lawo lomwe. Nayenso sanafike kuchipatala, koma anaonetsa kuti nkhokwe sinathe, tinkangotapa pakhomo pokha. N'chifukwa chake ofufuza tsopano amapita kumalo amene sanapitidwe. Ku Kenya, mu nyerere zokhala m'mitengo ya minga, anapeza bakiteriya wopanga ma formicamycin, amene m'labu amapha ngakhale MRSA, ndipo izi zinafalitsidwa mu 2017. Ku South Africa anapeza natalamycin mwa bakiteriya wokhala ndi chiswe cholima bowa m'chulu.

Chulu! Kuseri kwa kalasi yanga kuli zulu zitatu, zimene timangozikumbukira nthawi ya ngumbi. Kum'mwera kwathu kuli nyanja ya Chilwa, ya madzi amchere opanda kotulukira, imene inaphwa mu 1995 ndi kuphwanso kwambiri mu 2018, ndipo chamoyo chimene chimapirira matope otero chiyenera kukhala ndi machenjerero ake. Kuli madambo a Chiuta, kuli mapiri a Chikala, kuli akasupe otentha ku Liwonde. Sindikulonjeza kuti muli kanthu. Ndikunena kuti funsolo ndi loyenera kufunsidwa, ndipo ndi bwino lifunsidwe ndi mwana wa kuno amene wapita ku MUST ku Thyolo kukaphunzira medical microbiology, kapena ku KUHeS, kapena ku yunivesite ya ku Zomba, kusiyana n'kuti tidzangomva kuti mlendo anadutsa ndi timabotolo.

Nkhani ya timabotoloyi si nthabwala. Erythromycin anachokera m'dothi limene dokotala wa ku Philippines, Abelardo Aguilar, anatumiza ku kampani ya Eli Lilly mu 1949 kuchokera ku Iloilo. Mankhwalawo anagulitsidwa padziko lonse, koma Aguilar anamwalira mu 1993 asanalandire gawo la phindu lake. Pofuna kuletsa zotere maiko anagwirizana pangano la Nagoya mu 2010, loti wotenga zamoyo za dziko lina apemphe chilolezo ndipo phindu ligawidwe, ndipo Malawi inalowa m'panganoli mu 2014. Koma pangano la papepala silingateteze mudzi umene sudziwa kuti dothi lake lingakhale ndi mtengo. Gulupu amene angafunse mlendo kuti dothilo mukupita nalo kuti, ndi amene mwana wake anamufotokozera.

Kunja kuli pulogalamu yotchedwa Tiny Earth, imene Jo Handelsman anayambitsa ku yunivesite ya Wisconsin mu 2018, kupitiriza ntchito imene anayamba ku Yale mu 2012. Ophunzira amatenga dothi la kwawo, kulisungunula m'madzi, kulipaka pa mbale za agar, n'kuyang'ana timagulu ta mabakiteriya tomwe tazunguliridwa ndi bwalo loyera pomwe anzawo alephera kumera. Bwalo limenelo ndiye nkhondo ija ikuoneka ndi maso. Gawo loyambali silifuna makina a mamiliyoni. Limafuna mbale, agar, poto wa pressure cooker wophera tizilombo, ndi mphunzitsi wosamala. Ine ndinayesa kamodzi ndi mbale zisanu ndi imodzi zimene wophunzira wanga wakale, amene pano ndi lab technician, anandipezera. Zinayi zinadzadza chuku chokhachokha. Imodzi sinamere kanthu, ndikuganiza kuti ndinathira dothi agar asanazizire. Koma pa yachisanu ndi chimodzi, ya dothi la pachulu, panamera kagulu kouma, kotuwa ngati fumbi la choko, ndipo mozungulira munali mbee. Ana anaima pamzere kuti aone, ngakhale aja amathawa Biology. Kuti kanali ka mtundu wanji, ndi kuti kankatulutsa chiyani, zimenezo n'za labu yeniyeni. Mwina anali streptomycin yemwe uja wa 1943. Kwa mwana wa Form 3 zimenezo sizichotsa kanthu.

Pano ndichenjeze mwamphamvu, chifukwa ndikudziwa momwe nkhani zimasinthira zikamayenda pakamwa. Mbale zikapakidwa zimatidwe ndi tepi ndipo zisatsegulidwenso, chifukwa simudziwa chimene mwalera. Mukatha muziphike mu pressure cooker musanataye. Ndipo wina asachoke pano n'kumakauza anthu kuti aphunzitsi a ku Nselema akuti dothi ndi mankhwala. M'dothi lomwelo mumakhala bakiteriya wa kafumbata, ndipo kupaka dothi pabala kapena pamchombo wa khanda ndi kuitana maliro. Amayi oyembekezera amene amadya dothi la pachulu sakumwa antibayotiki, akumwa mazira a njoka za m'mimba. Kaduwa ka vincristine kaja musakawiritse, n'koopsa. Ntchito yonse ya sayansiyi ndi kupatula kanthu kamodzi pakati pa zikwi, kukayeretsa, kuyeza mlingo umene umapha matenda osapha munthu. Pakati pa chulu ndi botolo la ku Queens pali zaka zambiri za ntchito imeneyo.

Mtsikana uja wotseka mphuno anandipeza patapita sabata n'kundifunsa kuti munthu amafunika mapointi angati kuti akalowe ku MUST. Ndinamuuza kuti ayambe wakonza Mathematics yake, imene ili pamavuto.

Teremu ikubwerayi ndikufuna kubwereza ndi mbale makumi awiri, dothi la malo anayi: pachulu, m'munda wa nandolo, kudambo, ndi pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa staff room. Ndidzapempha mphindi makumi atatu pa INSET ya cluster yathu kuti ndionetse anzanga a Biology ndi Agriculture momwe zimachitikira, kuphatikizapo mbale zolephera. Pressure cooker ndabwereka kale kwa mayi a kunyumba, ngakhale anena kuti nyemba sadzaphikiramonso. Chimene chikusowa ndi mbale ndi agar. Inu ana anga amene muli m'malabu ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe, ngati pali zotsala zimene mabwana anu angalole mwalamulo kuti zipite kusukulu, minibasi za ku Liwonde zimafika kuno tsiku lililonse, ndipo makondakitala onse amandidziwa.